Bana Mwiche a Matenti ndi Olemba a pa Foni

Mu komboni ya Chawama mukafunsa za Mwenya Chisenga, anthu akuyang'anani ngati mwasochera. Koma mukati Bana Mwiche a matenti, ngakhale wogulitsa makala akulozerani geti lobiriwira la kuseri kwa msika. Mayiwa, amene anthu amawatchula ndi dzina la mwana wawo, amabwereketsa matenti, mipando ya pulasitiki ndi mapoto akuluakulu kwa anthu a maliro ndi a ukwati. Anachokera ku Mufulira amuna awo atamwalira, ndipo anayamba ndi tenti imodzi yokha, imene anagula kwa mpingo wina utamaliza kumanga tchalitchi cha njerwa.

Ntchitoyi inawaphunzitsa kusakhulupirira munthu. Mpando ukapita kumaliro umabwera wothyoka mwendo, kapena subwera n'komwe, kapena m'malo mwake mumabwera wina wakale wosakhala wawo. Munthu akafika pageti akuseka kwambiri, Bana Mwiche ankamufunsa mafunso ambiri. Akafika akulira ankamupepesa kaye, kenako n'kumufunsa mafunso omwewo: mukhala kuti, ndani akudziwani kuno, nyumba ndi yanu kapena ya lendi. Ena ankawanena kuti ndi ouma mtima. Iwo sankadandaula nazo, chifukwa matenti anali atachuluka ndipo mwana wawo Mwiche anali atamaliza maphunziro a unamwino.

Mwiche yemweyo ndi amene anabweretsa nkhani ya webusaiti. Ankagwira ntchito ku Kabwe, ndipo atabwera kutchuthi anapeza matenti ali opindidwa m'chipinda Loweruka, tsiku limene kale ankakhala onse ali kunja.

"Ba mayo, banthu manje sibafunsa mu msika," anatero Mwiche. "Bafuna tenti, bayangana pa foni. Imwe pa foni simulipo."

Mnzake wa Mwiche anawakonzera webusaitiyo n'kuikapo zithunzi. Chinatsala ndi mawu ofotokoza bizinesi. Mwiche analibe nthawi yolemba, ndipo Bana Mwiche Chingerezi amawerenga pang'onopang'ono, chala chikuyenda pansi pa mzere. M'gulu lina la pa Fesibuku Mwiche anapeza munthu wodzitcha Cephas, wolemba nkhani za pa intaneti. Pachithunzi anali atavala suti, kumbuyo kwake mashelefu a mabuku. Anatumiza zitsanzo za ntchito yake, zosalala bwino, ndipo mtengo wake unali wotsika kuposa wa ena onse.

Bana Mwiche anamuimbira okha. Mawu ake anali ofewa, aulemu, ndipo ankatchula Mulungu pafupipafupi.

"Muzabwera liti kuzaona matenti?" anamufunsa.

"Awe ba mayo, sivifunika. Tenti ni tenti. Tumani chabe ndalama pa foni, lero lomwe vonse vizasila."

Yankho limenelo silinawakhalire bwino. Koma mpando amadziwa poutembenuza kuti aone ngati uli ndi mng'alu, pomwe mawu sankadziwa powagwira. Nyengo ya maukwati inali pafupi, Mwiche anali akubwerera ku Kabwe, ndiye Bana Mwiche anatumiza ndalama zonse. Dzuwa lisanapendeke mawu anali atafika, ambirimbiri, Chingerezi cholemera ngati cha kukhoti. Mwiche anawerenga chiyambi chokha ali pa basi, anati n'zabwino, n'kuziika pa webusaiti.

Foni inayambadi kulira. Mmodzi wa oimba anali Ba Kapembwa a ku komboni ya George, amene mkulu wawo anali atamwalira. Analankhula mwachangu.

"Tifuna vonse vamene mwalemba paja. Banthu bazabwera bambiri, bena bachokera ku Kasama."

Bana Mwiche anamva ngati akunena matenti, mipando ndi mapoto. Anakweza katundu pa lole yaing'ono, nawonso n'kukwera kutsogolo. Atafika panyumba ya maliro, azibambo anali atakhala panja pa mabenchi obwereka, azimayi akuimba m'nyumba. Ba Kapembwa anayang'ana katundu akutsitsidwa, kenako anasuzumira m'lole mopanda kanthu.

"Nanga vimbuzi vibwera pa motoka ina?"

"Vimbuzi votani?"

"Vimbuzi vonyamula. Na jenereta. Kuno malaiti yanayenda kuseni, tizagona bwanji pa maliro mu mdima?"

Bana Mwiche anati iwo zinthu zimenezo alibe, ndipo sanakhalepo nazo. Ba Kapembwa anatulutsa foni n'kuyamba kuwerenga mokweza pamaso pa anthu onse, akumasulira mzere ndi mzere. Webusaitiyo inkalonjeza zimbudzi zonyamula, jenereta, makina oziziritsa mpweya, ngakhale anyamata ovala yunifomu operekera zakudya. Chakumapeto kunali dzina la tawuni ina ya ku South Africa, kuti kumeneko katundu amaperekedwa mwaulere.

"Imwe mudyera pa maliro ya banthu?" anafunsa mayi wina atayima pakhomo, chitenje chili m'manja.

Bana Mwiche anakhala pa mulu wa mipando yawo n'kuyamba kuimba mafoni, mpaka anapeza munthu ku Matero wobwereketsa jenereta ndi wina wa zimbudzi. Analipira okha, osauza aliyense. Maliro anayenda, koma Ba Kapembwa sanawathokoze, ndipo iwo sanayembekezere kuthokozedwa.

Madzulo ake Mwiche anakopera chiganizo chimodzi cha pa webusaiti n'kuchifufuza pa intaneti. Chinatuluka chonse, liwu ndi liwu, pa webusaiti ya kampani ina yakunja. Cephas anangosintha dzina la kampaniyo, n'kuiwala kufufuta tawuni. Zitsanzo zimene anatumiza poyamba zija nazonso zinali ndi eni ake. Nambala yake inali yozimitsa, ndipo pa Fesibuku chithunzi cha suti chinali chitasowa.

Mwiche analira pa foni, akupepesa. Mayi ake anangoti achotse mawu onse, pasatsale ngakhale limodzi. Kwa miyezi ingapo webusaitiyo inakhala ndi zithunzi ndi nambala basi, ndipo mu msika wa Chawama ena ankanong'onezana za matenti abodza Bana Mwiche akamadutsa.

Komabe panali chinthu chimene sanathe kuchikana: mawu aja ali pamenepo, anthu ankaimba kuchokera kutali, ku Chaisa, ku Mtendere, kumene dzina lawo silinkafika kale. Mawu atachoka, foni inakhalanso chete. Ndiye tsiku lina anauza Mwiche kuti alengezenso kuti akufuna wolemba, koma ulendo uno olembawo alankhula nawo iwo eni.

Anayankha ambiri. Bana Mwiche ankakhala pakhonde ndi magalasi awo, kuimbira mmodzimmodzi. Wina wodzitcha Moven anali ndi chithunzi cha mnyamata wovala chipewa, atakhala kutsogolo kwa kompyuta. Anawapatsa moni mwaulemu kwambiri n'kuwadalitsa. Bana Mwiche anatchera khutu, pakuti mawu ofewawo anali atawamvapo kale.

"Muzabwera liti kuzaona matenti?"

"Ba mayo, osavutika. Tenti ni tenti."

"Ba Cephas, muli bwanji?"

Kunamveka kupuma kamodzi, kenako foni inaduka. Bana Mwiche anaika foni pansi. Sichinali chisangalalo chimene anamva, koma mantha: ngati munthu mmodzi angakhale ndi nkhope ziwiri, pa onse amene anayankhawo anthu enieni analipo angati?

Wina anatumiza chitsanzo chaulere, chodzaza ndi mawu otamanda: ntchito yapamwamba, makasitomala okondwa, mitengo yabwino. Bana Mwiche anauza Mwiche kuti awawerengere pa foni, koma paliponse pamene pali tenti aikepo nkhuku. Nkhani yonse inayendabe bwinobwino ngati ya wogulitsa nkhuku. Ameneyo anamusiya. Wina anavomera kubwera koma tsiku litafika anati agogo ake adwala, atumiziridwe kaye ya basi. Ameneyonso anamusiya.

Amene anafika pageti anali mmodzi, mayi wochepa thupi dzina lake Nsama Bwembya, wa ku Kalikiliki. Anakwera mabasi awiri, nsapato zili fumbi lokhalokha. Kale ankalemba m'nyuzipepala ina yaing'ono imene inatsekedwa, ndipo tsopano ankalembera anthu a mabizinesi, masiku ena n'kumagulitsa salaula, zovala zakale za pakaunjika. Sanaseke, ndipo sanatchule Mulungu.

"Lembani kaye kang'ono nione," anatero Bana Mwiche.

"Awe, ba mayo. Vamahala sinilemba. Banthu bamatenga kang'ono kwa ine, kang'ono kwa wina, webusaiti yazula, onse tikhala osalipiliwa."

"Ndiye mufuna nikulipireni nisanaone kanthu? Vamene ivo ninachita kale."

"Na ine kulemba nisanaone ndalama ninachita kale."

Anayang'anana. Bana Mwiche anapempha kuona chitupa cha Nsama, ndipo anachiyang'ana nthawi yaitali, maso akuchoka pachithunzi kupita pankhope. Atachibweza, Nsama anatambasula dzanja kuti aonenso chawo. Chiyambire bizinesi palibe amene anawapemphapo chitupa pakhonde pawo pomwe. Analowa m'nyumba n'kukachitenga.

Asanagwirizane, Bana Mwiche anafunsa dzina la munthu amene Nsama anamulemberapo. Nsama anawapatsa nambala ya Ba Chilekwa, ogulitsa simenti ndi misomali ku Mtendere. Bana Mwiche sanaimbe nambalayo, poganiza kuti akhoza kuyankha ndi msuweni wake wa Nsama. M'mawa mwake anakwera basi mpaka ku Mtendere, anafunsa njira kwa anthu, napeza sitoloyo ilipodi. Anagula loko yaing'ono kaye, kenako n'kufunsa ngati mwangozi kuti mawu a pa webusaiti ya sitoloyo analemba ndani.

"Ka mayi kena ka ku Kalikiliki," anatero Ba Chilekwa. "Kalemba bwino, koma kavuta na mafunso. Kananifunsa mpaka kwamene nigula misomali."

Anagwirizana kuti ntchito iziyenda tsamba limodzi pa nthawi. Nsama alemba, abwera kudzawerenga mokweza n'kumasulira mzere uliwonse, Mwiche afufuza pa intaneti ngati mawuwo sanabedwe, ndipo akatero Bana Mwiche alipira tsambalo pomwepo Nsama asananyamuke. Nsama anapempha pasiwedi ya webusaiti kuti aziikapo yekha. Bana Mwiche anakana osaganiza n'komwe. Woika anali Mwiche.

Loweruka Nsama anapita nawo ku ukwati ku Kanyama kukaona tenti ikudzutsidwa. Anafunsa ngati mvula imalowa, ngati mpando ukathyoka amalipira ndani, ngati lole imatha kulowa m'tinjira ta m'komboni nthawi ya matope. Bana Mwiche ankayankha mwachidule, akumuyang'ana cham'mbali. Mumtima ankadzifunsa ngati mayiyu sanatumidwe ndi anzawo a matenti a ku Makeni kuti adzadziwe zinsinsi zawo.

Tsamba loyamba litabwera linali lalifupi. Linkanena za matenti, kukula kwake, mipando, mapoto ndi madera amene lole imafika. Linkanenanso poyera kuti zimbudzi zonyamula ndi jenereta palibe, koma angathe kulozera kasitomala kwa amene ali nazo.

"Ndiye vasila?" anafunsa Bana Mwiche. "Uja wakuba analemba vambiri. Imwe mwalemba tung'ono, ndipo theka mukamba vamene nilibe. Munipusisa?"

"Kambani chamene chasala, nizaikapo."

Bana Mwiche anatenga foni, anavala magalasi, nayendetsa chala pansi pa mizere yonse kuyambira pamwamba. Anapezadi chotsala: Nsama sanalembe kuti katundu wa maliro amaperekedwa ngakhale Lamlungu. Anapezanso pamene analemba kuti tenti yaikulu ndi yoyera, pomwe inali itasanduka yotuwa kalekale. Nsama anakonza zonse ziwiri osatsutsa. Mwiche atafufuza, sanapeze chiganizo chilichonse kwina. Bana Mwiche analipira, koma usiku wake anauzabe Mwiche kuti afufuzenso kachiwiri.

Anagwira ntchito motero chaka chonse. Nsama ankabwera mwezi ndi mwezi kudzalemba za nyengo ya maukwati, za tenti yatsopano, za mitengo ikasintha. Makasitomala ankafika akudziwa kale zimene apeze, ndipo mikangano ya pamalo inachepa. Awiriwa sanakhale mabwenzi kwenikweni, koma Bana Mwiche anayamba kumusungira Nsama tiyi ndi mbatata akamabwera. Azimayi a kutchalitchi akafunsa ngati wolembayo ndi wokhulupirika, Bana Mwiche ankangoti kwa iwo sanalakwitsebe, koma aliyense akadzionere yekha.

Chakumapeto kwa chaka Nsama anapeza ntchito yokhazikika ku Solwezi. Anabwera kudzatsanzika, nasiya nambala ya mnzake amene anati amalemba bwino kuposa iye. Bana Mwiche anamuimbira mnzakeyo kamodzi. Iye anayankha bwino mafunso onse, anavomera kubwera, anavomera ngakhale za chitupa asanafunsidwe. Kuvomera msangako n'kumene kunawakayikitsa, ndipo sanamuimbirenso.

Mwiche amawakumbutsa nkhaniyi nthawi iliyonse akaimba kuchokera ku Kabwe, ndipo iwo amati akuganizabe. Mvula inatha, nyengo yozizira inadutsa, anagulanso tenti ina yokhala ndi mawindo imene pa intaneti palibe amene akuidziwa. Mukatsegula webusaiti yawo lero, pamwamba penipeni mupeza uthenga womaliza umene Nsama analemba, wofunira makasitomala onse Khirisimasi yabwino.