Wozula madisiki wa ku Guanghua

Inu amene mukuganiza kuti dzina likaipa ndiye kuti basi, tamvani za Liao Pei-shan.

Tsiku limene anamuchotsa ntchito pa kampani ina ya makompyuta mumzinda wa Hsinchu, palibe mnzake anamuperekeza ngakhale pageti. Ntchito yake inali yoyesa liwiro la madisiki ogwirira ntchito pamodzi, aja amati RAID, n'kunena ngati amathamanga bwino pa Windows kapena pa Linux, mapulogalamu awiri oyendetsera kompyuta. Iye analengeza kuti pa Linux akuuluka, kasitomala n'kugula. Koma fayilo yoyesera inali yaing'ono, moti inkangothera mu memole ya kompyuta, pa disiki osafika n'komwe. Makinawo atayamba ntchito yeniyeni ankakwawa ngati nkhono. Manambala a Pei-shan anasanduka nthabwala, ndipo zinamuwawa koopsa.

Anakakhala pa kabenchi ka amalume ake mumsika wa Guanghua, pogulitsira madisiki akale. Palibe anamutuma, koma anayambiranso kuyesa: madisiki omwewo, mafayilo akuluakulu, lero Windows, mawa Linux. Kenako anayamba khalidwe lachilendo. Makina ali pakati pa ntchito, ankazula dala disiki imodzi kuti aone kuti otsalawo akoka bwanji.

"Anzako amaika paketi yobiriwira ya tizakudya pamwamba pa makina ngati chithumwa kuti asavute," ankamuseka amalumewo. "Iwe ukuwagulula mano."

Iye n'kumangopitiriza.

Tsiku lina kunabwera Mayi Tseng, eni situdiyo yojambula maukwati, kudzafuna posungira zithunzi. Mbiri ya Pei-shan anali ataimva, ndipo anamuuza mosapsatira kuti manambala ake sangawakhulupirire. Komabe Pei-shan anawayalira makina awiri, ena a Windows, ena a Linux.

"Musandikhulupirire, mayi. Zulani nokha."

Mayiwo anazula disiki imodziimodzi pa makina awiriwo. Pa makina ena zithunzi zinaima njii. Pa enawo zinapitiriza kutseguka, pang'onopang'ono, koma zonse.

"Ndikonzere amenewa," anatero Mayi Tseng, akuloza makina amene sanaimewo. "Akwati sabwereza ukwati chifukwa cha disiki."

Anakauza anzawo, anzawonso anauza ena. Lero opanga makina amayamba atumiza katundu wawo kwa Pei-shan asanamuike pamsika, ndipo amadikira yankho lake mtima uli m'mwamba.

Nanunso, malo amene munagwerapo mukuwadziwa bwino kuposa wina aliyense. Bwererani pomwepo mukayesenso, ndipo mtima musautaye.