Tsiku Limene Abambo Anayimbira Fodya

Kwathu ku Santhe kwaya ya mpingo wathu inali ndi sewero limodzi loyimba, lakale kuposa denga la tchalitchi. Nkhani yake inali yosavuta: mnyamata wolima fodya m'munda wa eni akonda mtsikana, amalume a mtsikanayo akana, pamapeto pake ukwati uchitika. Zolankhula zinali zochepa, zambiri zinali nyimbo. Mbali ya mnyamatayo ankasewera ndi abambo anga, ya mtsikanayo amayi anga. Anayamba asanakwatirane ndipo anapitiriza mpaka imvi, chifukwa anthu ankakana kuti ena alowe m'malo mwawo.

Abambo anga si munthu wa mawu okoma. Mukawamva akuyamikira pakhomo, dziwani kuti akunena za mvula kapena ng'ombe. Koma pakati pa sewerolo panali nyimbo imene mnyamata amayimbira mtsikana ali m'munda. Mundawo unali makatoni odulidwa ngati masamba, opakidwa penti wobiriwira. Abambo ankawayang'ana amayi m'maso n'kuyimba, azimayi nthungululu, azibambo kuvomera ndi besi, nyimbo n'kubwerezedwa mpaka anthu atakhutira. Amayi ankati kamodzi pachaka kameneko kamawakwanira.

Ndiye kusekondale kunabwera mphunzitsi wochokera kuboma, ali ndi kamera. Anati seweroli lisafe ndi eni ake, lijambulidwe likhale filimu. Amayi ndiwo anakondwa kuposa onse. Tsiku lina ndikuwaluka tsitsi anandiuza chifukwa chake: ankafuna zidzukulu zione ndi maso awo kuti agogo awo aamuna amadziwa kuyang'ana mkazi.

Filimu ili ndi zabwino zake, ndisaname. Ngolo ya m'seweromo inali yeniyeni ya ng'ombe, osati benchi yokokedwa ndi akulu a mpingo awiri atawerama. Nkhope zinkaoneka pafupi mpaka makwinya. Koma nyimbo anazifupikitsa, ndipo wovomera kunalibe. Choipitsitsa, aphunzitsi ankajambula aliyense payekha, amayi tsiku lawo, abambo tsiku lawo, akuti adzalumikiza pakompyuta. Makatoni anawakananso. Anasankha munda weniweni wa m'mbali mwa msewu chifukwa kumbuyo kwake kunkaoneka phiri. Mwini mundawo anali atadwala nthawi yaitali, ndipo fodya wake anali atadzaza mphukira, tinthambi tomera m'khwapa mwa tsamba tomwe timalanda chakudya. Aphunzitsi, munthu wa m'tauni, anangoona kubiriwira kokongola.

Filimuyo tinaionera masana m'holo ya mpingo, mawindo atatchingidwa ndi ziguduli. Amayi anavala chitenje chatsopano, ana anga awiri atakhala pansi patsogolo pawo. Itafika nyimbo ija, pakhoma panaoneka nkhope ya amayi akumwetulira mwamanyazi ngati namwali. Kenako abambo. Mawu anali okoma ndithu, akulonjeza kuti maso awo sadzachoka pa wokondedwa wawo. Koma mwini mawuwo anali atawerama, maso ali pa fodya, chala chikuthyola mphukira. Akatha mtengo uwu, ulendo pa winawo, manja atada bii ndi utomoni, nyimbo ili pakamwa. Mlimi wa fodya sadutsa mphukira manja ali m'thumba, ngakhale m'munda wa mdani wake.

Holo yonse inafa nacho chiseko. Bambo wina kumbuyo anati, "Mwasiya ina kumanzereko, achimwene." Inenso ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma nditacheuka ndinapeza amayi sakuseka nawo, ndipo mtima wanga unawawa.

"Bambo," anatero amayi motsitsa mawu, "kodi zaka zonsezi mumayimbira fodya?"

"Mayi, munda uja unali utaonongeka," anayankha abambo.

Yankho limeneli linangothira mafuta pamoto. Amayi anamanga chitenje chawo bwinobwino n'kuyamba ulendo wa kukhomo. Ndinadziwa kuti akatuluka, sewero lija latha, ndipo zidzukulu zidzangokumbukira agogo oyimbira masamba.

Abambo anaimirira. Anapempha aphunzitsi kuti atsitse mawu a filimuyo, anafulatira khoma, n'kuyamba nyimbo ija pachiyambi. Ankayimba okha, popanda kwaya kumbuyo kwawo. Azibambo a besi anayamba kuvomera mmodzimmodzi, chiseko chikanali m'khosi. Amayi anaima pakhomo atafulatira ndime yonse yoyamba, ndipo ine ndinkangopemphera chamumtima. Itafika mbali ya mtsikana, amayi anatembenuka n'kuyankha.

Nthungululu zake ndikuzimvabe mpaka lero. Nyimbo inabwerezedwa mpaka aphunzitsi omwe anayamba kuvomera nawo. Ana anga anali atatembenuka, pakamwa pali yasa, akuona agogo awo aamuna akuyenda pang'onopang'ono pakati pa mabenchi, maso ali pa agogo awo aakazi. Pakhoma paja abambo a m'filimu ankathyolabe mphukira, popanda wowaonera.