Chaka Chimene Tinazula Nandolo wa Bambo

Kuseri kwa nyumba yathu ku lokeshoni ya Mufakose, m'dziko la Ashona, kunali kamalo koti ukayala mphasa zinayi kadzaza. Pamenepo panali mitengo isanu ndi umodzi ya nandolo. Mbewu yake bambo anabwera nayo kuchokera ku Mulanje ali mnyamata, atamanga pakansalu, ndipo inali ya m'munda mwa amayi awo. Ankagwira ntchito pafakitale ina ku Graniteside. Akaweruka, ankayedzamitsa njinga pakhoma n'kupita kaye kukazonda nandolo wawo asanatipatse moni ife ana. Ine zinkandiwawa, ndisaname.

Nandoloyo sankagulitsidwa. Akakhwima, anthu akwathu ku Malawi ankadutsira pakhomo Lamlungu potuluka m'tchalitchi, bambo n'kumawatapira m'manja, wina wokaphika, wina wokadzala. Anzathu Achishona oyandikana nawo ankatiseka kuti ife timalima tchire pakhomo. Bambo ankangoseka nawo.

Nkhondo yomenyera ufulu itakula kumidzi ya m'dzikomo, mabasi ochokera kumeneko anachepa. Amayi amene ankabweretsa matimati kumsika anasiya kubwera kawirikawiri, pomwe m'tauni anthu ankangochuluka, pakuti nyumba iliyonse inali italandira abale othawa nkhondo. Ogula ambiri, matimati ochepa. Kamulu kamene tinkagula sheleni imodzi kanafika pa masheleni atatu, ndipo kankatha dzuwa lisanafike pamutu.

Ine ndinali mtsikana wa Fomu 2, masamu ndinkakhoza, ndipo matama ndinali nawo okwana anthu awiri. Tsiku lina ndinawakokera mayi kuseri kuja.

"Mayi, malo awa akungowonongeka," ndinatero. "Nandolo timadya miyezi iwiri, wotsala bambo amangogawa. Tidzale madomasi, matimati akusowa kumsikawa, tigule nsapato ndi mabulangete."

"Nanga osadzala zonse bwanji?"

"Pamthunzi wa nandolo domasi silibereka. Tisankhe chimodzi basi."

Mayi anayang'ana mapazi anga, omwe zala zinali zitasuzumira kunja kwa nsapato. "Bambo ako ukawauza ndiwe?"

"Tidzawauza akadzaona ndalama."

Tinazula Lachiwiri, bambo ali kuntchito, nandolo ali m'maluwa. Khasu ndinagwira ndine. Sindinaganizeko zoti m'nyumba munalibe njere ngakhale imodzi, chifukwa mitengo inkaphukira yokha chaka ndi chaka ndipo panalibe amene ankaona chifukwa chosungira mbewu. Madzulo bambo anaima pa nthaka yosalazidwayo nthawi yaitali.

"Mwasiyako ngakhale umodzi?" anafunsa.

"Iyayi, bambo."

Anapita kukasamba. Ndikanakonda akanandikalipira.

Matimati anabereka, sindingawanyoze. Koma nzeru zimene ndinkaziona ngati zanga ndekha zinali zitalowa m'mutu mwa aliyense mumzere wathu wa nyumba, ndi mzere wotsatira womwe. Tonse tinaona mtengo womwewo, tonse tinadzala mwezi womwewo, ndipo matimati onse anapsa sabata imodzi. Pageti lililonse panali katebulo kofiira. Mayi anatsitsa mtengo kufika masheleni awiri, mayi wa nyumba yoyang'anana nafe anatsitsa kufika imodzi, ife tinaonjezera mbasela. Mtengo unakaima pamene wogula anasiya kunyinyirika ndipo wogulitsa analibenso potsikira, kamulu kakakulu pa theka la sheleni. Otsala ankaola m'beseni ntchentche zikuchita phwando. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Nsapato zija sindinaziwone.

Nthawi yomweyo njira ya kumudzi yodzera ku Mozambiki inali itatsekedwa. Panalibenso wobwera ndi kathumba ka nandolo kuchokera kwathu. Anthu aja ankalandira ulele anayamba kugogoda pakhomo atagwira ndalama m'manja, kupempha ngakhale kapu imodzi pa mtengo uliwonse, ife n'kumawaonetsa matimati.

Kenako inabwera kalata, itayenda milungu yambiri, yonena kuti agogo, amayi awo a bambo, anamwalira ndipo anaikidwa kale. Bambo analibe njira yopitira. Akaweruka ankakhala pa njerwa kuseri kuja, maso ali pa timitengo tomangirira matimati. Apo m'pamene ndinamvetsa chimene ndinazula, ndipo manyazi anandigwira mpaka chakudya chinkandikanika.

Ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo kwa onse amene ndinkakumbukira kuti bambo anawatapirapo mbewu. Ambiri anali ataphika. Ena anadzaladi, koma anazula ngati ife pofuna matimati. Tsiku lachitatu anandilozera kumapeto kwa lokeshoni, kwa mkulu wina wochokera ku Chipata amene kale anali khukhi wa azungu. Ndinapita nditasenza beseni lodzaza matimati kuti ndisinthanitse. Kuseri kwawo kunali mitengo iwiri ya nandolo, makoko ouma akuchita phokoso ndi mphepo.

"Madomasi?" mkuluyo anaseka. "Mwanangu, ngakhale nkhuku zanga zatopa nawo. Nandolo pano ndi wodula, kakapu kamodzi masheleni ambirimbiri. Ndiwe mwana wa yani?"

Ndinawauza, ndipo ndinawauzanso zonse zimene ndinachita, osabisa.

Anathyola makoko, nawafikisa m'manja mwawo, n'kundithirira njerezo pansonga ya chitenje changa. "Wophika ndimagulitsa," anatero. "Wodzala iyayi. Bambo ako sanandigulitse. Beseni lakolo bwerera nalo."

Ndinafika kunyumba bambo ali pa njerwa yawo ija. Ndinagwada n'kumasula nsonga ya chitenje. Anatola njere imodzi, naitembenuza, naiyang'ana timadontho take tofiirira, ndipo anaizindikira. Sanafunse kumene ndaitenga. Anazigawa pachikhatho milu iwiri yofanana, wina anaika m'thumba la malaya podikira mvula, winawo anandibwezera.

"Uwu ukagawire makomo atatu, mawa lomwe," anatero.

"Bambo, ndi wochepa kale. Komanso anthu akufuna kugula."

Anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chilandirireni kalata ija ndinaona kumwetulira pankhope pawo.

"Kagawe, mayi. Ukasunga wekha, tsiku lina nawenso udzabereka mwana wokhoza masamu."