Diresi la Apongozi

Apongozi anga aakazi ndinakhala nawo mudzi umodzi kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda mpaka dazi litafika pankhongo, koma mukanandifunsa kuti nkhope yawo njotani, ndikanakunamizani. Kuno mkamwini sapenya apongozi. Tikakumana panjira ya kudimba, iwo ankakhotera m'chimanga, ine m'tchire, moni n'kumapatsana chofulatirana ngati anthu odana. Minga imene ndinazula m'mapazi chifukwa cha ulemu umenewu ikanakwana kutchingira khola. Chimene ndinkadziwa ndi mawu awo okha, ndipo mawuwo anali aakulu, otha kuitana mbuzi zili kuseri kwa phiri.

Ine kwathu ndi kumapiri a Ntchisi. Ndinabwera kumtunda kwa Mponela kuno kudzakwatira, ndinakwatiradi, basi osachokanso. Kukacha bwino phiri la kwathu limaoneka, koma minda ya kumeneko anagawana kale ana a mlongo wanga. Kuno munda ngwa akazi anga, nyumba ili padothi la akazi anga, ana nga atsibweni awo. Zanga ndi njinga ndi chifuwa. Pokamba za pabanja ndimakhala kumbuyo, ndikatsokomola amati mkamwini wayankhula.

Sukulu ndinalekeza sitandade folo, nditaona kuti ine ndi masamu tikungotayirana nthawi. Koma mzime wathu, mwana wamkazi, anaphunzira mpaka kuvala chipewa cha ngodya zinayi chija. Digiri ya zaulimi. Tsiku limene anabwera nayo, amayi analuluta mpaka kusasa mawu. Kenaka digiriyo inalowa m'sutikesi, mwini wake n'kulowa m'chigafa cha fodya cha atsibweni ake. Ntchito anafunsira uku ndi uku, mayankho osabwera. Alamu angawo, amene ndiwo mwinimbumba, anatola nkhwangwa ndi mpini womwe: wosankha fodya wodziwa masamba ndi Chingerezi chomwe, wosati n'kufunsa malipiro. Agogo ake atagona pamphasa, iye yemweyo ndiye anakhala wowasambitsa, wowatembenuza, wowamwetsa phala. Mvula inagwa n'kusiya, inagwanso n'kusiya. Mwana amene kale ankaseka mpaka kugwira m'mimba anayamba kuyankha ndi mutu wokha.

Tsiku lina anandipeza ndikumata chubu.

"Ababa, kuyunivesite ina ku Lilongwe akufuna anthu amene ali kale ndi digiri, akawaphunzitse uphunzitsi wa kusekondale."

"Inanso? Yoyamba ija njenjete zamaliza?"

"Iyi ndi ya choko, ababa. Sukulu zili paliponse. Ngakhale kutali."

Mawu akuti kutaliwo anawatchula ngati wanjala akutchula nyama.

Kufunsira kwake kunali kwa pafoni. Kwathu netiweki imapezeka pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, utaimirira, dzanja m'mwamba ngati ukulumbira m'khoti. Tinkapita kumeneko ngati ofuna nkhuni. Iye ankayala masatifiketi pamwala n'kumawajambula, ine ntchito yanga inali kuwapsinja ndi zala kuti mwera usawaulutse. Moti akuluakulu a kuyunivesite anaona zikhadabo zanga asanaone mwana wanga, ndipo sanathawe. Anayankha kuti abwere Lachinayi akamufunse mafunso pamaso m'pamaso. Wosafika tsikulo, malo ake apatsa wina.

Sabata lomwelo, apongozi anatsikira kulichete.

Mwana wawo wina ali ku Joni, ndipo anaimba foni kuti musaike ndisanafike. Thupi linapita kumochale ku Madisi, ife n'kukhala pansi kudikira basi imene inkayenda ngati bilimankhwe. Amayi m'nyumba ya siwa, amuna panja. Inu mukudziwa, wapabanja sachoka pamudzi maliro asanaikidwe, asanasese. Mzime wathu anakhala pambali pa mayi ake, ndipo aliyense wolowa ndi mfuu ankagwera pa iye, poti ndiye ankadwazika. Ndikasuzumira pakhomo ndinkamuona atatsamira khoma, maso ali padenga, foni ataifumbata m'chitenje.

Anayesa njira yoongoka. Anagwada patali ndi atsibweni ake n'kufotokoza zonse, mawu ali pansipansi.

"Ku Lilongwe?" anatero alamu. "Agogo ako ali m'firiji, iwe ukufuna ukagogode nsapato m'tauni? Anthu adzati mbumba yanga njamtundu wanji? Sukulu sithawa."

Ndinatsokomola.

"Alamu, chifuwacho pitani nacho uko."

Ndinapita nacho uko. Ndikanatani? Mwana ndinabala ine, koma chingwe chili m'manja mwa eni.

Lachinayi m'mamawa, tikuwotha moto, alamu anakumbuka kuti mayi awo ananeneratu ali moyo kuti asadzawaike ndi zakale, koma diresi loyera latsopano. Tsono pamaliro wotumidwa amakhala mkamwini. Anandikodola.

"Alamu, tsikirani ku Mponela. Shuga, mchere, ndi diresi la amayi."

Pamotopo panali akulu a mpingo, panali nkhalamba za midzi yoyandikana, makutu onse ali tcheru. Ndinavula chipewa.

"Shuga ndikagula, mchere ndikagula. Koma diresi? Ine ndidziwe msinkhu wa apongozi? Alamu, mukufuna kunena pamaso pa anthu onsewa kuti ndinkawayang'ana?"

Nkhalamba ina inalavula fodya wake n'kupukusa mutu.

"Akunena zoona akamwiniwa. Mkamwini kuyeza apongozi n'kulaula. Apite ndi amene ankawasambitsa."

Ena onse anavomera. Alamu anandiyang'ana ngati aona njoka m'nkhokwe, koma mwambo unali wawo womwe, umene akhala akundikwapula nawo zaka zonsezi. Akanaukana bwanji?

"Dzuwa lisanapendeke mukhale mutabwera," anatero.

Tikunyamuka, akazi anga anatulukira khomo la kuseri n'kupatsa mwanayo kamtolo komanga m'chitenje. "Diresi lakale la amayi, mukayezere." Ine sanandiyang'ane n'komwe. Ndinamukweza mwana pakaliyala, tinatsetsereka mapiriwo mabuleki akulira ngati nkhumba.

Pa Mponela, kuseri kwa chigayo, anamasula kamtolo kaja. Munalibe diresi la agogo. Munali bulauzi, siketi, nsapato, ndi masatifiketi aja. Mkazi ameneyu ndagona naye nyumba imodzi moyo wanga wonse, ndipo ndinkayesa kuti wochenjera m'nyumbamo ndine.

Minibasi inali itadzaza kale, kondakitala anamukoka dzanja ngati akuzula chinangwa. Galimoto ikunyamuka, mwanayo anatulutsa mutu pawindo n'kufuula kanthu. Injini, hutala, oitanira, zonse pamodzi. Sindinamve kalikonse, koma ndinabayibitsa ngati munthu wamva.

Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndadzitsekera ndekha. Kubwerera kumudzi popanda mwana sindikanatha. Kukhala poyera sindikanatha, chifukwa abale a maliro onse ochokera kutali amatsikira pa Mponela pomwepo, ndipo aliyense amadziwa dazi langa. Ndinabisala kwa owotcherera zitsulo mpaka maso kuwawa. Ndinasamukira kwa okonza njinga, anandifunsa chimene chawonongeka, ndinati mwini wake. Pomaliza ndinalowa m'tiyirumu, n'kukhala pakona, nkhope kukhoma. Kapu imodzi ya tiyi ndinaimwa mpaka mayi wa m'menemo anandifunsa ngati ndikufuna kuchita lendi. Kawiri konse ndinamva mawu a anthu akwathu akudutsa panja, ine n'kumira m'jekete ngati fulu. M'mutu munkangozungulira chimodzi: kodi wafika? Kodi akumufunsa chiyani anthu a mataye aja, mwana amene manja ake akununkha fodya?

Dzuwa linapendeka. Linapendekanso. Amasitolo anayamba kulowetsa katundu. Ndinaona kuti ndikadikira mwana, tikafika kumudzi ndi shuga yekha. Ndinalowa m'sitolo ya zovala.

"Diresi loyera, mayi. La maliro."

"Pepani, agogo. Malemuwo anali aakulu bwanji?"

Ndinatsinzina kuti ndiwaone apongozi. Sindinaone kanthu. Chimene chinabwera ndi mawu aja, akutsika phiri, mbuzi zikuthamanga. Ndinatambasula manja.

"Onenepa?"

"Mayi, munthu woitana mbuzi zili kuseri kwa phiri."

Anakafukula pansi penipeni pa mulu, n'kubwera ndi diresi loti awiri kulipinda.

Mwana anatsika minibasi dzuwa litakhala pamapiri. Ndinamuyang'ana kumaso, osawerengeka.

"Zayenda bwanji, aphunzitsi?"

"Ati adzatiuza. Anandifunsa chifukwa chimene ndikufunira uphunzitsi. Sindikanati ndikuthawa chigafa."

"Ndiye unati chiyani?"

"Ndinati ndimakonda ana."

"Watengera ine."

Kenaka anaona jumbo ili pakaliyala. Anamasula, anakoka diresi. Linatuluka, linatulukabe, linakhudza pansi lisanathe.

"Ababa! N'chiyani ichi?"

"La agogo ako."

"Agogo anali kamunthu kofika paphewa langa apa! Ndinkawanyamula ndekha kupita nawo kubafa. Ndinakuuzani pawindo kuti laling'ono kwambiri!"

Anaseka. Kuseka kuja kumene ndinakusowa zaka, kogwira m'mimba, mpaka anakhala pansi pafumbi ndi siketi yake yabwino. Ndiye kusekako kunatembenuka pakati, kunakhala kulira. M'siwa muja sindinamumve akulira choncho. Anakumbatira diresilo n'kumaitana agogo ake, anthu a pasiteji akutizungulira. Ine ndinayang'ana kusitolo kuja: loko ali lende.

Tinakwera mapiri tikukankha njinga. Kumudzi ndinati chubu chinaphulika, kenaka chinaphulikanso. Alamu anangolandira jumbo.

Wa ku Joni anafika. Amayi amene anapita kumochale kukaveka thupi anabwera milomo ataimanga, mapewa akugwedezeka. Nthawi yoona nkhope itakwana, ndinalowa pamzere ngati aliyense, poti wakufa sathawidwa. Ndinasuzumira m'bokosi. Kankhope kakang'ono, ngati ka mwana wa sukulu, kali pakati pa nsalu yoyera yopindidwa uku ndi uku, yobayidwa ndi mapini, ina atatsendera kumapazi. Ndinaima nthawi yaitali kuposa yoyenera. Mawu onse aja ankatuluka m'menemu? Zaka zonse ndinkadumphira m'minga kuthawa kamunthu aka? Wakumbuyo anachita kundikankha.

Atasesa, alamu anaitana banja. Sanazungulire.

"Amene ankawasambitsa amayi sangagule tenti. Tsono tiuzeni, alamu, mwanayu anali kuti?"

Bodza lili ndi malire, ngakhale langa. Mwana anagwada n'kuvomera. Alamu anayankhula nthawi yaitali, za manyazi, za anthu obwera amene amasokoneza mbumba za eni. Anandigamula mbuzi. Ine mbuzi ndilibe, ndiye mbuzi ya akazi anga inatuluka m'khola la kumanzere n'kulowa la kumanja, la alamu. Kenaka anafika pamene pankawapweteka.

"Akamuitana, apita ngati papezeka manja olowa m'malo mwake m'chigafa. Fodya sadikira digiri."

Anatsamira mpando, poganiza kuti atseka khomo. Akazi anga anakonza duku lawo.

"Manja alipo, achimwene."

Onse anatsata maso awo. Maso awo anali pa ine.

Anamuitanadi. Uthenga unalowa tili pachulu, iye anawerenga kawiri, n'kukhala pamwala. Tsiku lonyamuka ndinamuperekeza pa njinga mpaka pa Mponela, ndipo ulendo uno ndinaima poyera, chipewa m'manja, dazi likuwalira aliyense.

Tsopano m'chigafa ndimakhalamo ine. Ndimasoka, ndimapachika, ndimasankha. Maso anga sasiyanitsa tsamba lofiira ndi lofiirira, moti alamu amabwera kudzaphwasula milu yanga n'kumanena kuti mwana ankachita bwino. Ndimavomera. Fumbi la fodya lakulitsa chifuwa chija, koma m'chigafa palibe wondiuza kuti ndipite nacho uko. Ndikatopa ndimasuzumira pakati pa mitengo, phiri la kwathu lili apo, silinasunthe, inenso sindinasunthe.

Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ndimakwera chulu, dzanja m'mwamba. Akuti anamutumiza kusukulu ina kukayeserera, ana akumutcha madamu, ndipo wina wamtali kuposa iye anamufunsa ngati anagwirapo khasu. Ndinamuuza kuti akamaliza apemphe sukulu ya kutali, yokhala ndi nyumba ya chipinda chapadera, choti n'kukwana nkhalamba imodzi ndi njinga.

"Nanga amayi?" anatero.

"Amayi ako ali ndi mudzi."

"Ababa, simungafike ngakhale pa Mponela asanakubwezeni."

Ndinafuna kumutsutsa, koma mwera unawomba, netiweki inathawa. Kumunsi alamu anali ataima pakhomo pa chigafa, Lamulungu lomwelo, akundikodola kuti ndikaone mmene ndasakanizira masamba. Ndinatsika.