Kapu ya Ulusi Wofiira

Kunyumba kwa azakhali ake, mtsikanayu anali ndi kapu yakeyake. Azakhaliwo anaimanga ulusi wofiira pa chogwirira kuti wina asamweremo, ndipo inkakhala pawindo, kutali ndi makapu ena. Iye anabadwa ndi kachilombo ka HIV, ndipo mayi ake anamwalira ali wamng'ono. Kusukulu ankamutchula kuti Chete.

Mankhwala anali atasiya kumwa. Ankangoti, ndikumwera ndani?

Tsiku lina masana anatenga yunifolomu yake n'kupita kwa mayi telala osoka pakhonde la sitolo. Mayiwa anali olongolola mwakuti makina ankayamba kutopa iwo asanatope.

"Muichepetse, azivala mwana wa azakhali. Ine sindidzaifunanso."

Makina anaima. Mayi telala anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo sanazungulire.

"Mwanawe, ukuganiza zodzipha?"

Panalibe amene anamufunsapo funso lililonse lokhudza mtima wake. Chete analira mpaka kusisima, kenako ananena zonse, ndi za kapu zomwe.

Mayi aja anavundikira makina, ntchito za anthu zili mulu, n'kumuperekeza kwawo. Atapatsidwa mpando anapempha madzi. Azakhali anatsegula kabati.

"Ayi, asisi, ndipatseni kapu ili pawindoyo."

Anamwa madzi onse, azakhali ali kukamwa yasa. Kenako anadula ulusi uja ndi mano monga amachitira akamaliza kusoka.

"Ulusi ndi wa pa nsalu. Kachilomboka sikayendera m'kapu, koma mwanayu mumutaya chifukwa cha kapu."

Azakhali anagwetsa misozi. Sanali munthu wankhanza, anali ndi mantha chabe.

M'mawa mwake anapita onse atatu kuchipatala. Chete anayambanso mankhwala, anapatsidwa mlangizi, ndipo analowa m'gulu la achinyamata onga iye. Musaganize kuti zinatheka tsiku limodzi. Maganizo oipa aja ankabwerabe, koma tsopano ankadziwa kokanena. Akaweruka kusukulu ankakhala pakhonde paja n'kumasokerera mabatani, mayi telala akumunyoza kuti amasoka ngati ali m'basi.

Lero Chete ndi mlangizi wa achinyamata pachipatala chomwecho, ndipo dzinalo langotsala loseketsa, poti kulongolola anatengera mayi telala. Akamathokoza sayamba ndi zazikulu. Amathokoza munthu amene anaimitsa makina n'kumufunsa.

Iwe amene wadzitsekera m'chipinda, usafe ndi chinsinsi mumtima. Uza munthu mmodzi lero lomwe, ndipo akapanda kukumva, uza wina. Inu enanu, mwana akayamba kugawa zinthu zake, siyani ntchito mumufunse. Mtima usagwe. Kapu ija ilipobe m'kabati ya azakhali, ndipo palibenso amene amakumbukira kuti inali iti.