Chisoti Chachifumu cha Wotopa

Mayi wa saluni ya kuseri kwa siteji ya basi aliyense amamuitana kuti aChipeso. Dzinali analipeza chifukwa akakwiya amaloza munthu ndi chipeso, ndipo kukwiya kwake sikuchedwa. Koma pa tsitsi manja ake ndi odalitsika, choncho makasitomala amapirira. Munthu amalowa, n'kukalipiridwa kuti tsitsi waliwononga yekha ndi mankhwala otchipa, kenako n'kutuluka akudziyang'ana pa zenera la galimoto iliyonse.

Chimene ambiri sankadziwa n'chakuti kuseri kwa katani yobiriwira, kumene ankaganiza kuti n'kosungira mathaulo, kunali chitseko cholowera m'nyumba. M'chipinda choyamba munkagona bambo a aChipeso. Bambowo anadwala sitiroko, mbali yakumanja inafa, mawu nawo anapita. Akafuna munthu ankagogoda supuni pachitsulo cha bedi. Supuniyo ikalira, aChipeso ankasiya mutu wa kasitomala uli theka, kusamba m'manja, kukatembenuza bambo awo kapena kuwasintha thewera, kusambanso m'manja, n'kubwerera kudzaluka ngati palibe chachitika. Mwamuna wawo anachoka kalekale, nkhani yake tisaiyambe.

Mlongo wawo, mwamuna wamkulu wandevu zake, amakonza mafoni mumsika. Iye ndi mkazi wake ankabwera Lamlungu. Ankaima pakhomo la chipindacho, osalowa, mlamuyo mphuno atakwinya pang'ono, n'kunena kuti, "Eee, koma adadi lero akuoneka bwino." Akatero ankamwa tiyi n'kumapita. Kumeneko ndiye kunali kudwazika kwawo.

Mlongoyo ndi amene anawatsegulira bulogu, tsamba la pa intaneti, kuti aziikapo zithunzi za malukidwe, makasitomala azibwera. Poyamba anaikadi zithunzi. Koma masana ena, msana ukuwawa, kasitomala ali m'dulaya youmitsira tsitsi, analemba zina. Analemba mmene mkazi mmodzi angatembenuzire mwamuna wolemera osadzithyola. Mawa lake analemba za fungo limene silichoka m'matiresi ngakhale uchape bwanji. Kuyambira pamenepo za tsitsi zinazimiririka pabuloguyo, panatsala za bambo.

Pansi pa nkhani iliyonse panali kanambala kosonyeza anthu amene awerenga. Kanambalako kankakwera ndithu. Koma malo a ndemanga anali mbee! Ichi ndiye chinkawadya aChipeso.

"Anthu awa ndi otani?" ankafunsa mutu uliwonse umene uli m'manja mwawo. "Kulowa m'nyumba mwanga, kusuzumira mpaka kuchipinda, n'kutuluka osapereka ndi moni womwe? Weramani, mayi, ndikuluka kumbuyoku."

Kunena zoona, sikuti panalibiretu munthu. Panali mmodzi, wodzitcha Wotopa. Anali mayi wosamalira mwamuna wake amene anali ndi matenda omwewo. Kumene ankakhala aChipeso sankakudziwa, nkhope yake sanaionepo. Koma nkhani ikangotuluka, Wotopa ankayankha, ndipo ankayankha motalika. Ndi iye amene anawaphunzitsa kuyala pulasitiki pansi pa nsalu osati pamwamba, kuti khungu lisachite zilonda. Ankatha kusekanso. Tsiku lina analemba kuti mwamuna wake, amene moyo wake wonse ankati mkaziyo amalankhulitsa, tsopano amamvetsera mpaka nkhani ithe chifukwa alibe kothawira. AChipeso anaseka mpaka misozi, kasitomala n'kudabwa kuti kani mayiyu mano ali nawo.

Pa dziko lonse, munthu amene ankamvetsa tsiku la aChipeso kuchokera m'mawa mpaka madzulo anali ameneyo basi. Koma mtima wa munthu ndi wovuta. Mmodzi anawachepera. Lamlungu lina, tiyi ali pakamwa, anadandaulira mlongo wawo kuti akulembera makoma.

"Aaa, achemwali, zimenezo n'zazing'ono," anatero mlongoyo, akutambasula dzanja kuti apatsidwe foni. "Anthu amafuna kanyambo. Pali kapulogalamu kamene timaphatika pabulogu, timati pulagini. Munthu akalemba ndemanga, kamamupatsa nyenyezi. Wochulutsa nyenyezi dzina lake limakwera pamwamba, pambali pake n'kukhala kachisoti kachifumu. Ndemanga imene anthu ayankhapo kwambiri, nayonso imakwezedwa pamwamba kuti aliyense aione."

"Nyenyezizo amadya?"

"Sadya. Koma muona."

Anaonadi. Sabata isanathe, foni inayamba kulira ngati kamwanapiye. Makasitomala anamva za chisoti, anauza anzawo, anzawo anauza anzawo. Ndemanga zinakhuthuka. "Zoonadi." "Pepani mayi." "Woyamba ndine!" Wina ankangoika timanja topemphera n'kulandira nyenyezi yake. Pansi pa nkhani ya zilonda za pamsana, wina analemba kuti, "Zokongola kwambiri, pitirizani." Ameneyo n'zachidziwikire kuti sanawerenge ngakhale mutu.

Ndipo chisoti anatenga ndani? Mlamu. Mayi uja wokwinya mphuno pakhomo anatulukira kuti chiganizo chimodzi ukachidula pakati chimabereka nyenyezi ziwiri. Ankalemba "Mulungu" n'kutumiza, "ndi wabwino" n'kutumiza, "nthawi zonse" n'kutumizanso. Anafika pobwera kusaluni pakati pa sabata, chinthu chimene anali asanachitepo, kudzaonetsa makasitomala chisoti chake.

"Alamu, ndikukukwezerani bulogu," anatero. "Anthufe timathandiza m'njira zosiyanasiyana."

AChipeso anasiya tsitsi, chifukwa supuni inali italira kuseri kwa katani, ndipo wodzuka anali iwo.

Koma tisawayeretse aChipeso. Zinkawakoma. Ankatembenuzira foni kwa makasitomala kuti aone mulu wa ndemanga, n'kumati, "Ndimalemba ine." Ndemanga za Wotopa zinkabwerabe, zazitali ngati kale, koma tsopano zinkakwiririka pansi pa ma "Zoonadi." Kuti uzipeze unkayenera kutsetsereza chala mpaka kutopa. Kale aChipeso ankamuyankha ndime yathunthu. Tsopano ankangoti, "Zikomo mnzanga," monga ankayankhira wina aliyense, kapena kuiwala kumene.

Loweruka lina kunali ukwati m'deralo, ndipo saluni inadzaza kuyambira m'mawa. Foni inkalira m'thumba la epuloni kosalekeza, aChipeso n'kumangomwetulira kuti lero ndiye zayenda. Anaitsegula Lamlungu masana, atamaliza kuyanika nsalu za pabedi.

Pamwamba penipeni pa tsamba, m'bokosi lagolide, panali dzina la Wotopa. Pambali pake panali chisoti, tinyenyezi tikuthwanima mozungulira, ndi mawu akuti "Ndemanga Yopambana." Ndemangayo inali iyi:

"Mnzanga, lero sindibweretsa nzeru. Ndilibe womuuza, ndiye ndikuuza iwe. M'mawa uno ndinaima pakhomo ndi beseni, ndikumvetsera ngati akupuma. Nditamva kuti akupuma, mtima wanga unagwa m'malo mokondwa. Ndimamukonda mwamunayu, koma masiku ena ndimafuna zitangotha. Kodi ndine munthu woipa?"

Pansi pake panali chigulu. Wina atangoyankha, pulagini inakweza ndemangayo pang'ono. Itakwera, ambiri anaiona, nawonso n'kuyankha, ndipo yankho lililonse linkabala nyenyezi kwa woyankha ndi kwa Wotopa yemwe. Anthu amene moyo wawo wonse sanagwirepo thewera la munthu wamkulu anasanduka oweruza. "Lapani mayi." "Akazi a masiku ano!" "Mukufuna nyumba eti?" Mlamu, pokwiya kuti chisoti chamuchoka, analemba mizere yambirimbiri yoduladula, wotsiriza wake wakuti, "Ine wanga sindingamutero."

AChipeso anakhala pansi pa kampando kotsukira mitu. Mawu a Wotopa ankawadziwa. Anali mawu awo omwe, amene sanayerekeze kuwalemba. Nawonso anaimapo pakhomo la bambo awo ndi beseni. Mnzawo anawanong'oneza m'khutu, koma iwo anali atamuikira chimkuzamawu pakamwa osamuuza. Zinawawawa, ndipo anachita manyazi.

Analemba kuti: "Inenso, mnzanga. Inenso ndimaima pakhomo choncho. Si iwe woipa."

Atangodina kuti zipite, foni inaphulika ndi timaluwa tamitundumitundu tikugwa kuchokera pamwamba. "Mwachita bwino! Mwapeza nyenyezi!" Yankho lawolo linapita pansi penipeni, kumapeto kwa matemberero onse, chifukwa mwini bulogu analibe nyenyezi zokwanira kuti akwere.

Sanadikire kuti alendo a Lamlungu afike. Anapempha mayi woyandikana nawo kuti amvetsere supuni, n'kulunjika kwa mlongo wawo, epuloni ili m'chiuno, chipeso chili m'manja. Anamupeza pakhonde akupukuta nsapato.

"Chotsa chinyansi chako."

"Chiyaninso, achemwali?"

"Nyenyezi zako, zisoti zako, timaluwa tako. Chotsa pompano ndikuona."

Mlongoyo analandira foni, anawerenga, n'kukanda ndevu. "Apa zalakwikadi. Koma pulaginiyo ilibe mlandu, imangowerenga mayankho. Siidziwa kuti uku n'kutukwana, uku n'kuyamikira."

"Ndiye chinthu chosasiyanitsa kulira ndi kuseka unachiika bwanji m'nyumba ya matenda?"

"Munati mukulembera makoma, achemwali. Munkafuna anthu. Anthu ndi amenewa."

Chipeso chinali chitakwera kale, koma chinatsika chokha. Mlongoyo sananame. Mlamu anatulukira pakhomo akupukuta manja.

"Alamu, ine ndimangonena chilungamo. Munthu sungafunire mwamuna wako imfa."

"Inu alamu, adadi amalemera bwanji?"

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndikufunsa. Mukawanyamula kuchoka pabedi, amalemera bwanji? Mukadzadziwa, mudzalembe ndemanga."

Mlamuyo anabwerera m'nyumba. Mlongoyo anadinadina, anachotsa pulagini, anafufuta matemberero onse, n'kubweza foni osayang'ana mchemwali wake kumaso. Tsiku limenelo sanabwere kudzamwa tiyi.

Nyenyezi zitapita, khamu nalo linapita. A "Woyamba ndine" anasowa, a timanja topemphera anakapemphera kwina. Foni inakhala chete m'thumba la epuloni. Zimenezo aChipeso sanadandaule nazo. Chimene chinkawasowetsa mtendere n'chakuti Wotopa nayenso anali zii. Analibe nambala yake, analibe dzina lake lenileni. Mlongo wawo anayesa adiresi ya imelo imene Wotopa ankalembera, uthenga n'kubwerera. Munthu amene ankadziwa za mumtima mwawo kuposa abale, sakanatha ngakhale kumuzindikira atakumana naye pasiteji.

Anapitiriza kulemba, koma tsopano nkhani iliyonse inkayamba ndi mawu akuti "Mnzanga." Anamuuza kuti zisoti zachoka. Anamuuza kuti pulasitiki ija ikugwirabe ntchito. Anamuuza kuti bambo aphunzira kugogoda supuni mwaukali akafuna wailesi, mwaulemu akafuna madzi. Kanambala ka owerenga kankakwera pang'onopang'ono monga kale, ndipo aChipeso ankakayang'anitsitsa, kudzifunsa ngati mmodzi mwa anthu osalankhulawo anali iye. Anasiya kuwanyoza owerenga achete aja. Anayamba kuganiza kuti mwina ena a iwo ankawerenga dzanja limodzi lili m'beseni.

Ukali wawo unasamukira pamitu. Masiku amenewo ankaluka mothina, moti mayi wina anatuluka nsidze zitakwera ngati wadzidzimuka. Foni ikangoti tii, ankasiya tsitsi n'kuisolola, n'kupeza ndi uthenga wa kampani ya mafoni wonena kuti bandulo yatsala pang'ono kutha. Ankaitukwana foniyo pamaso pa makasitomala.

Nyengo yozizira inadutsa. M'mawa wina, saluni isanatsegulidwe, ali kuseri akufinya nsalu ya pabedi, foni inalira pawindo. Anapukuta dzanja limodzi pa epuloni, osayembekezera kanthu. Pansi pa nkhani ya wailesi ija panali ndemanga imodzi, yopanda bokosi, yopanda chothwanima.

"Mnzanga, yankho lako ndinaliona tsiku lomwe lija. Ndinatsika mpaka pansi, ndinalipeza. Amuna anga anatisiya mwezi watha, ndinali nditawagwira dzanja. Ndinkafuna kukuuza nthawi yomweyo, koma ndinkaopa kuti ndikalemba andipatsa nyenyezi. Pano m'mawa ndimadzukabe n'kutenga beseni. Uwasisite adadi msana m'malo mwanga."

AChipeso anawerenga ataimirira, nsalu ikudontha pamapazi awo. Anayamba kulemba "Pepa," n'kufufuta. Anayamba "Ndikhululukire," n'kufufutanso. Kunja kasitomala woyamba anali atayamba kugogoda chitseko cha saluni, akuitana kuti, "AChipeso, mwatsegula?"

M'chipinda supuni inalira, kugogoda kwaulemu kuja, kwa madzi.

"Dikirani!" anakalipa aChipeso cha kuchitseko. Anaika foni pawindo, anasamba m'manja, natenga kapu ya madzi ndi botolo la mafuta. Atawamwetsa, anawatembenuza bambo awo n'kuyamba kuwasisita msana pang'onopang'ono. Bambowo anakweza diso lawo la mbali yabwino modabwa, chifukwa nthawi yosisita inali isanakwane.