Mapaipi Atsopano a Pikapu ya a Chigamba

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Pa galaja onse ankangoti a Chigamba, chifukwa bamboyo sankadziwa kutaya chinthu. Paipi ikang'aluka ankaimanga ndi labala wa chubu, bauti ikasowa ankapotokola waya. Umakanika anauyamba ndevu zisanamere, ndipo tsopano mutu unali mbuu ndi imvi, msana utapindika ngati chogwirira ambulera. Magalimoto a eni ankawakonza bwino ndithu. Zigamba zonse zinkathera pa pikapu yawo ya dizilo, imene akazi awo ankanyamulira kabichi ndi anyezi kupita nazo kumsika.

Akazi awowo ndiwo ankayendetsa. Chiwongolero anachiphunzira ali aakulu kale, ana atachoka pakhomo. Anaphunziranso zina zimene sankazifuna: kuti pikapu ikatsokomola pachitunda n'kuzima, ndiye kuti mapaipi a mafuta akoka mpweya. Zikatero ankatsika, kutsegula boneti, n'kupopa kapampu ndi chikhatho mpaka dzanja kuchita dzanzi, uku oyendetsa ena akuliza mahutala kumbuyo.

Tsiku lina pikapu inakaniratu panjira, ndipo pomwe inkalira n'kuti kabichi yense atafota ndi dzuwa. Mawa lake mayiwo anaika katoni patebulo, pambali pa kapu ya amuna awo.

"Muli chiyani umu?" a Chigamba anafunsa.

"Tsegulani, maso muli nawo."

Munali mapaipi atsopano onyezimira, okutidwa ndi timawaya tolukana, pamodzi ndi tizitsulo take tomangira.

"Mayi, paipi ija ingofunika kuimanga pang'ono basi."

"Abambo, mwaimanga galimoto ija mpaka yasanduka mtolo wa nkhuni. Ine ndatopa. Mukapanda kuika awa, ndipita nayo kwa makanika."

"Nanga ine ndine ndani?"

"Inenso ndikufunsa zomwezo."

Pa tsiku lawo lopuma, a Chigamba anavala ovololo, nakweza pikapu ndi jeke pabwalo la nyumba. Anaichirikiza bwino, kukhuthulira dizilo wa m'thanki m'ndowa, kuyala katoni pansi, n'kulowa chagada. Kulowako kokha kunawatulutsa thukuta.

Anayambira kuthanki kulowera kutsogolo. Dothi louma linkagwera m'maso, dizilo wotsalira akuyenderera m'dzanja mpaka m'khwapa. Zigamba zimene ankadulazo ankazidziwa chimodzichimodzi. Labala wina anamumanga pakati pa msewu tsiku lomwe ankathamangira kuchipatala ndi mwana wawo wamkazi ali ndi pakati. Waya wa pafupi ndi thayala lakumbuyo anaupotokola mvula ikuwakhuthukira, pochokera koika maliro a achimwene awo. Paipi yakaleyo inali itauma moti atangoipinda inathyoka ngati phesi. Anachita manyazi ali okhaokha pansipo, poganiza kuti akazi awo akhala akuyenda pa chinthu chotere.

Nati ya pafupi ndi fyuluta inali itagwirana ndi dzimbiri. Anaithira mafuta, kuigogoda, kuinyengerera, koma ayi. Atakoka ndi mphamvu zonse sipanala inaterereka, chala n'kukhula chitsulo. Sanatukwane n'komwe. Anangogoneka manja pachifuwa n'kumayang'ana mimba ya galimotoyo. Moyo wawo wonse dziko ankalionera pansi chonchi. Makasitomala ambiri ankawadziwira nsapato, nkhope ayi. Kale ankachita nazo nthabwala zimenezo, koma tsikulo sizinawaseketse.

Natiyo inagonja dzuwa litapendeka. Kuika atsopano kunali kopepuka, kungoti maso sankaonanso bwino mumdima wa pansipo. Paipi yopita ku injini anaisemphanitsa ndi yobweza mafuta kuthanki, ndipo anazindikira atamanga kale. Anamasula zonse, n'kuyambiranso. Anaiyendetsa m'mbali mwa chitsulo cha pansi, kutali ndi ekizosi kuti isapse, akumangitsa kachitsulo kalikonse mosathamanga.

Atamaliza anati atuluke, koma msana unakana. Ululu unabaya m'chiuno n'kutsikira m'mwendo ngati moto. Anayesanso, mpweya unawathera.

"Mayi! Tabwerani kuno."

Anaona masilipasi a akazi awo akuyandikira.

"Mwamaliza?"

"Ndamaliza, koma kutuluka kwandikanika. Kokani katoniyi."

Mayiwo anayamba ndi kuseka, koma ataweramira pansi n'kuona nkhope ya amuna awo anasiya. Anagwira katoni ndi manja onse, n'kuwakoka pang'onopang'ono ngati thumba la simenti mpaka anatulukira poyera. Anafuna kuwadzutsa.

"Ndisiyeni kaye pomwepa. Tsitsani galimoto, mubwezere dizilo m'thanki. Kenako mumasule pang'ono kabauti ka pamwamba pa fyuluta, mupope mpaka thovu lithe."

"Kupopa kokha musandiphunzitse," anatero mayiwo, akupinda manja a bulauzi.

Anapopa, thovu linatha, anamanga kabauti kaja n'kukhala pampando. Injini inazengereza, inatsokomola kamodzi, kenako inagwira n'kumalira mosalala. A Chigamba, ali chigonere pafumbi, anatembenuza mutu kusuzumira pansi pa galimoto. Panalibe dontho ngakhale limodzi. Ankayembekeza kuti akondwa, koma chimene anamva n'kutopa basi, kutopa kofika m'mafupa.

Anakhala pabedi masiku angapo. Kuchipatala anawauza mosapita m'mbali kuti zolowa pansi pa magalimoto aiwale. Atabwerera ku galaja, anzawo anawaikira benchi pakona pafupi ndi zenera, pomwe amakonzerapo mapampu ndi masitata amene ena amasula. Ntchitoyo amaidziwa, koma tsiku limawatalikira, ndipo nthawi zina amapezeka akusinza sikuludiraiva ili m'manja.

Pikapu sinazimenso pachitunda. Koma mwezi usanathe, akazi awo ananena pa chakudya chamadzulo kuti kilatchi yayamba kulira akamasintha magiya.

"Ndamva," anatero a Chigamba. "Tandipatsirani pilo uyo ndiike kumsanaku."